Kusankha ndi Kuvala Malenzi Osintha Mtundu wa Maso Kuno ku Chigwa cha Shire

Chaka chatha mu Okutobala, tikukonzekera chinkhoswe cha mwana wa achimwene anga ku Ngabu, mwini chinkhoswe adandikokera kuchipinda kuti ndikaone katundu amene adaitanitsa kwa mayi wina wochita malonda pa WhatsApp. Pabedi padali wigi, nsidze zomata ndi timabotolo tiwiri tonga ta mankhwala a jakisoni, ndipo m'kabotolo kalikonse munkayandama kanthu kotuwa, kopyapyala ngati mamba a makakana. "Azakhali, inu mumavala zimenezi, tandiphunzitsani kalowetsedwe kake," adatero. Nditamufunsa za bokosi lake, adati wogulitsayo adangomupatsira choncho, ndipo nditafunsa chomwe adzatsukire akadzavula, adaloza chigubu cha madzi a pamjigo chomwe chidali pakona.

Ndavala ma contact lens, malenzi oikidwa padiso penipeni m'malo mwa magalasi, kwa zaka 9 chifukwa sindiona patali, ndipo zaka zonsezi ndakhala kuno kuchigwa, choncho sindili m'gulu la anthu amene amati kuika galasi m'diso ndi kudziputira khungu. Malenzi osintha mtundu wa maso, omwe tsopano akuoneka m'zithunzi za maukwati kuyambira pa Dyeratu mpaka ku Marka, angathe kuvalidwa popanda vuto. Koma mtundu, umene aliyense amathamangira kufunsa, ndiwo uyenera kubwera pamapeto pa mafunso onse. Munthu wa ku Nchalo kapena ku Bangula ayambe wadzifunsa za madzi amene amagwiritsa ntchito, za fumbi ndi kutentha kwa kwathu kuno, ndiponso za mtunda wokafika kwa dokotala wa maso ngati diso litadwala usiku, pakuti malangizo a pabokosi adalembedwera anthu okhala kumene zinthu zitatuzi si nkhani yodetsa nkhawa.

Lenzi imakhala pagawo la kutsogolo kwa diso loonekera ngati galasi, lomwe achipatala amalitcha cornea. Gawoli lilibe mitsempha ya magazi, ndipo mpweya wa okosijeni limaulandira kuchokera kunja kudzera m'misozi imene imanyowetsa diso nthawi zonse, kotero chilichonse chimene mwavundikira pamenepo chimachepetsa kapumidwe kake. Malenzi ofewa adayamba ndi katswiri wa sayansi Otto Wichterle, yemwe adapanga oyamba ku Prague mu 1961, ndipo amapangidwa ndi pulasitiki yomwa madzi, moti m'malenzi ambiri magawo 38 kapena kuposerapo pa magawo 100 alionse ndi madzi. Kufewa kwake kumachokera pamenepo, komanso ngozi yake imachokera pomwepo, chifukwa lenzi ili ngati chinkhupule: chimene yamwa, kaya ndi madzi a pachitsime, utsi kapena mankhwala, imachigwirizira padiso kwa maola onse amene mwaivala.

Lenzi ya mtundu ili ndi chinthu china chowonjezera, chomwe ndi utoto. Opanga odalirika amautsekera utotowo m'kati mwa lenzi kuti usakhudze diso, pamene malenzi ena otsika mtengo amangodindidwa pamwamba, zomwe zimachititsa kuti pakhale pokhakhala, pokanda diso ndi zikope, ndiponso posavuta kuti tizilombo tikanirirepo. Malenzi ambiri a mtundu amapangidwanso ndi pulasitiki yakale ija, yomwe imadutsitsa mpweya wochepa poyerekeza ndi ya silicone hydrogel imene idabwera chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. N'chifukwa chake dziko la America lidakhazikitsa lamulo mu 2005 loti lenzi iliyonse, ngakhale yongokongoletsa yopanda mphamvu yothandiza kuona, ndi chipangizo cha chipatala chosayenera kugulitsidwa popanda chikalata cha woyeza maso. Kwathu kuno malenzi amafika m'zikwama limodzi ndi mawigi ndi zodzoladzola kuchokera ku Johannesburg, Dar es Salaam ndi China, ndipo udindo wosefa umatsalira wogula.

Kuyezetsa musanagule

Maso a anthu sali ofanana kukula ndi kupindika kwake, ndipo mawu oti lenzi imodzi imakwana aliyense ndi a wamalonda chabe. Pabokosi la malenzi enieni mupeza zilembo BC, zonena kupindika kwa lenzi, zomwe nthawi zambiri zimakhala pakati pa 8.4 ndi 8.8, ndi DIA, zonena kukula kwake m'mimba mwake, kawirikawiri mamilimita 14.0 mpaka 14.5. Palinso nambala ya mphamvu, yomwe imakhala 0.00 ngati lenziyo ndi yongokongoletsa. Lenzi yothina imamatirira, misozi siyenda bwino pansi pake, ndipo diso limafiira likuwawa, pamene yokhwepa imatsetsereka mukaphethira, utoto n'kuphimba mwana wa diso. Manambalawa simungawadziwe poyang'ana pagalasi. Amawapeza ndi woyeza maso amene wakuikani pamakina, wakuthirani kamankhwala kachikasu koonetsa timabala tobisika, watembenuza chikope kuona m'kati mwake, kenako n'kukuvekani lenzi yoyeserera kuti aone m'mene ikuyendera.

Kuzipatala za boma za Chikwawa ndi Nsanje kuli ogwira ntchito za maso amene angakuuzeni ngati maso anu ali athanzi, koma pofuna kuyezetsa malenzi penipeni konzekerani kukwera mapiri kupita ku Blantyre, kumene kuli malo oyezera maso ndi kugulitsa magalasi. Funani optometrist, katswiri woyeza maso, ntchito yomwe Amalawi amaiphunzira ku yunivesite ya Mzuzu, ndipo musachite manyazi kufunsa ngati ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Muuzeni zoona zokhazokha: kuti mukufuna malenzi a mtundu, kuti mudzavala kangati pamwezi, kuti mumakhala kuchigwa, ndiponso kuti madzi mumatunga kuti. Potuluka mutenge pepala lolembedwa manambala anu ndi dzina la lenzi imene yakukwanani.

Ife a kuchigwa tili ndi chifukwa chathuchathu choyezetsera. Kafukufuku wa matenda a maso amene adachitika m'chigwa chino mu 1983, yemwe malemu Dr. Moses Chirambo adatenga nawo mbali, adaonetsa kufala kwa trachoma ndi vuto la kuchepa kwa vitamini A pakati pa ana. Bungwe la WHO lidalengeza mu 2022 kuti Malawi wathana ndi trachoma ngati vuto la umoyo wa anthu ambiri, koma zipsera zimene matendawa adasiya m'kati mwa zikope za amene adadwala ali ana sizichoka ndi chilengezo, ndipo mwini wake sangadziwe kuti ali nazo. Chikope cha zipsera, nsidze zopindikira m'kati, kanyama komera kuchokera pakona ya diso kamene kamakonda anthu okhala padzuwa ndi pafumbi, maso oyabwa chaka chonse, maso ouma, zonsezi zingachititse woyeza kukuuzani kuti malenzi si anu. Odwala shuga ndi amene chitetezo chawo cha m'thupi chidatsika anene zimenezi poyera, chifukwa bala la m'diso limawavuta kupola. Amene ali ndi diso limodzi lokha loona, maganizo anga ndi akuti asaliike pachiswe chifukwa cha chithunzi.

Pali anthu ena amene lenzi ya mtundu siyongokongoletsa kwa iwo. Munthu amene diso lake lidayera chifukwa cha bala lakale angathe kuyezedwa lenzi yojambulidwa ngati diso lake lina, kuti anthu aleke kumuyang'anitsitsa pamsika. Imeneyo ndi ntchito ya achipatala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo siyotengera pa WhatsApp.

Tsopano za mtunduwo. Maso a ambiri a ife ndi a bulauni wakuda, kotero malenzi a utoto wopepuka, amene amangowalitsa maso obiriwira kapena a buluu a azungu, saoneka n'komwe pa ife, ndipo mudzangotaya ndalama. Ofunika ndi a utoto wophimba, olembedwa kuti opaque. Mwa amenewa, a mtundu wa uchi, a bulauni wowala ndi otuwa pang'ono amagwirizana ndi nkhope zathu, makamaka akakhala ndi mzere wakuda m'mphepete ndi timizere tosakanikira ngati ta diso lenileni, pamene a buluu ndi obiriwira kwambiri, padzuwa la ku Nsanje, amaoneka ngati mikanda. Musadalire chithunzi cha wogulitsa, chifukwa chadutsa m'zosefera za foni. Yesani lenziyo, tulukani panja ndi kagalasi, mudzione masana.

Pakati pa lenzi iliyonse ya mtundu pali kabowo kopanda utoto koonerapo, ndipo kukula kwake sikusintha, pomwe mwana wa diso amachepa padzuwa n'kukula mumdima mpaka mamilimita 7 kapena 8. Usiku mwana wa diso akakula kupitirira kabowoko, m'mphepete mumaoneka chimbuuzi ndipo nyali za magalimoto zimamwazika. Woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto asatsike nawo makhotolo a phiri la Chikwawa kukada. Malenzi akuluakulu okulitsa diso ngati la chidole, ndi ena ophimba ngakhale poyera pa diso amene amaoneka m'mavidiyo a nyimbo, asiyeni, pakuti amatchinga mpweya kwambiri ndipo ndi ovuta kuvula.

Chosankha chachikulu kuposa mtundu ndi nthawi imene lenziyo idapangidwira kukhala. Alipo a tsiku limodzi, ovala m'mawa n'kutaya madzulo, alipo a mwezi umodzi, ndipo alipo a m'timabotolo amene amati ndi a chaka chathunthu. Kwa munthu wa kuchigwa amene akufuna kuvala paukwati, pachinkhoswe kapena tsiku lolandira digiri, a tsiku limodzi ndiwo oyenera, ngakhale peyala imodzi imaoneka yodula, chifukwa safuna kutsuka, safuna kesi yosungiramo, ndipo sagona m'nyumba yotentha kudikira mwambo wina. A mwezi amayenda ndi solushoni, madzi apadera otsukira ndi kupha tizilombo, omwe simungayembekezere kuwapeza m'golosale ya pa Thabwa kapena pa Tengani akakutherani Loweruka madzulo, ndipo tsiku limene akutherani ndilo tsiku limene mudzayang'ane chigubu. Dziwaninso kuti mwezi umawerengedwa kuyambira tsiku lotsegula paketi, osati masiku amene mwavala. Lenzi yotsegulidwa pa 3 Novembala yatha pa 3 Disembala ngakhale mudaivala kawiri kokha. A chaka sindiwalimbikitsa n'komwe, chifukwa miyezi 12 ya fumbi lathu ndi yambiri pa kanthu kofewa chotero.

Pogula, lenzi iliyonse ikhale m'paketi yake yomatidwa, yosatupa, yosadontha, madzi ake oyera mbee, ndipo paketiyo ndi bokosi lake zionetse dzina la kampani, nambala ya gulu limene zidapangidwira limodzi yolembedwa LOT, tsiku lothera mphamvu lolembedwa EXP, ndi manambala a BC ndi DIA ofanana ndi a papepala lanu. Chimodzi chikasowa, bwezani. Timabotolo ta mwana wa achimwene anga tidalibe chilembo ngakhale chimodzi, ndipo tidatitaya m'chimbudzi iye akudandaula za ndalama zake. Sabata yotsatira, popita ku Limbe kokagula nsalu za chinkhoswe ndi mayi ake, adakayezetsa n'kubwera ndi bokosi la malenzi a tsiku limodzi a mtundu wa uchi.

Nkhani ya madzi

Pano ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Madzi alionse amene si solushoni asakhudze lenzi, kaya ili m'diso, m'manja kapena m'kesi. Ndikunena madzi a pampopi, a pamjigo, a pachitsime, a mu Shire, a mvula, ngakhale a m'botolo ogula. M'madzi ndi m'dothi mumakhala kachilombo kotchedwa Acanthamoeba, komwe munthu angathe kumwa osadwala, koma kakalowa pansi pa lenzi n'kupeza pamene diso lakandika, kamadya cornea pang'onopang'ono ndi ululu woti munthu sagona. Kachiritsidwe kake kamatenga miyezi, poyamba madontho amathiridwa ola lililonse usana ndi usiku, mankhwala ake ndi osowa, ndipo ena amathera pofunika kuikidwa cornea ya munthu wina. Kachilomboka kakaona zovuta kamadzitsekera m'chigoba, kotero klorini amene timathira m'ndowa popewa kolera sakapha motsimikizika. Madzi otetezeka kumwa ndi madzi otetezeka ku lenzi ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Ndamvapo zifukwa zingapo zodzikhululukira. Wina adandiuza kuti madzi a mijigo yambiri ya ku Chikwawa ndi Nsanje ndi amchere kale, choncho akufanana ndi misozi. Mcherewo supha kanthu, ndipo muyeso wake si wa misozi. Wina amawiritsa madzi n'kuthiramo mchere wa m'khitchini, kuiwala kuti madziwo akazizira amabwerera m'kapu ndi m'ndowa momwe muli tizilombo tomwe tija, ndiponso kuti madzi osayezedwa mchere amatupitsa lenzi mpaka kumamatira padiso. Madzi a diripi a kuchipatala ndi aukhondo akangotsegulidwa, koma alibe mankhwala opha tizilombo, kotero si osungiramo lenzi usiku. Malovu ndiye oipitsitsa, ngakhale ndaonapo mtsikana pasaluni akunyambita lenzi yogwa pansi asanaibwezere m'diso. Lenzi ikagwa kapena ikauma m'diso muli kutali ndi solushoni, itayeni, muvale magalasi anu kapena mungokhala ndi maso amene mudabadwa nawo.

Lamulo la madzili limavuta kulisunga kuno kuposa kumtunda, chifukwa mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, timasamba kawiri kapena katatu patsiku ndipo timasukusula nthawi iliyonse tikapeza madzi. Vulani malenzi musanasambe, musanasukusule, musanakachape kumtsinje ndiponso musanakwere bwato lowoloka Shire kapena lolowa m'dambo la Elephant Marsh. Ngati madzi akuthovukirani m'maso muli chivalire, vulani msanga, a tsiku limodzi muwataye, a mwezi muwatsuke n'kuwanyika m'solushoni usiku wonse. Nthawi ya madzi osefukira, monga tidaonera ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, pamene zitsime zidasakanikirana ndi zimbudzi ndipo misewu idaduka, malenzi aikeni kutali kufikira zinthu zitakhazikika.

Kuvala, kuvula ndi kusunga

Yambani ndi zikhadabo, zikhale zazifupi, chifukwa zoikirira za kusaluni zimang'amba lenzi ndi kukanda diso. Sambani m'manja ndi sopo wamba wopanda mafuta, ndipo pukutani ndi pepala lopukutira kapena kansalu kochapa kosatuluka ubweya mpaka zala ziumiretu, pakuti dontho lotsalira pachala ndi madzi omwe aja. Ngati mwadula tsabola wa kambuzi tsiku limenelo, kusamba kamodzi sikukwana, ndipo izi ndikunena monga munthu amene adalirapo nazo. Khalani patebulo loyala kansalu koyera, osati kubafa, kuti lenzi ikagwa igwere pabwino. Zolowerani kuyamba ndi diso lamanja nthawi zonse kuti musamasinthanitse.

Ikani lenzi pansonga ya chala cha mkombaphala n'kuiyang'ana cham'mbali pakuwala. Ikakhala bwino imaoneka ngati kabakuli kozungulira, koma ikatembenuzika milomo yake imatambasukira kunja ngati mbale ya nsima, ndipo utoto wake umaoneka wofooka. Ndi dzanja linalo kwezani chikope cham'mwamba mutagwira patsinde pa nsidze, ndi chala chapakati cha dzanja logwira lenzi tsitsani cham'munsi, yang'anani kutsogolo, ndipo gunditsani lenziyo padiso mofatsa osakankha. Siyani zikope pang'onopang'ono, tsinzinani kamphindi, kenako phethirani. Mukamva ngati muli chitsotso, musapirire ndipo musatikite. Vulani, tsukani ndi solushoni, onani ngati siyong'ambika, n'kuyesanso. Povula yang'anani kumwamba, tsetseretsani lenzi kupita poyera pa diso cham'munsi, n'kuitsina ndi minofu ya chala chachikulu ndi cha mkombaphala. Ikakanirira chifukwa chouma, thirani madontho onyowetsa olembedwa kuti ndi oyenera ovala malenzi, dikirani mphindi zingapo, ndipo idzayenda yokha. Musaope kuti ingapite kuseri kwa diso, chifukwa kulibe njira yopitira kumeneko; ikasowa imakhala itapindika pansi pa chikope cham'mwamba.

Musaphunzire zimenezi m'mawa wa tsiku la mwambo. Mwana wa achimwene anga adatha mphindi 40 tsiku loyamba asanalowetse lenzi imodzi, misozi ili chuchuchu, mlongo wake akuseka pakhomo kuti, "Achemwali, kodi alamuwo adati maso akudawa sakuwafuna?" Tsiku lachinayi ankavala m'mphindi ziwiri. Yambani ndi maola atatu kapena anayi, muziwonjezera pang'onopang'ono monga woyeza wakuuzirani, ndipo kwa malenzi a mtundu ine sindipitirira maola 8. Patsiku la mwambo lenzi ilowe zodzoladzola zisanayambe, ndipo madzulo ituluke musanayambe kupukuta nkhope. Uzani wokukonzani kuti asapake pensulo m'kati mwa mzere wa nsidze, asamwaze zonyezimira pafupi ndi diso, asamale guluu wa nsidze zomata, ndipo popopera tsitsi mutsinzine kufikira nkhungu yake itatsika. Iye asakuvekeni lenzi ndi zala zake zimene zagwira mafuta a tsitsi la anthu asanu.

Amene mwasankha a mwezi, ntchito yanu ili madzulo aliwonse. Lenzi ikatuluka iikeni pachikhatho, thirani solushoni, ipukuseni mofatsa ndi chala mbali zonse ziwiri kwa masekondi pafupifupi 20 ngakhale botolo litanena kuti kupukusa n'kosafunika, itsukuluzeni, n'kuinyika m'kesi yothiramo solushoni watsopano kwa maola onse olembedwa pabotolo. Kuwonjezera watsopano pamwamba pa wadzulo pofuna kusunga ndalama ndi chizolowezi chimene chimadwalitsa ambiri, chifukwa wadzuloyo mphamvu idatha ndipo ali ndi litsiro. M'mawa khuthulani kesi, itsukeni ndi solushoni, ipukuteni ndi pepala loyera, ivundikireni chafufumimba kuti iume pamalo opanda fumbi, ndipo pakatha miyezi itatu gulani ina. Pali solushoni wina wa hydrogen peroxide, amene botolo lake limakhala ndi mlomo wofiira. Ameneyo amafuna kesi yakeyake ndi maola osachepera 6 kuti asanduke wosawotcha, ndipo sathiridwa m'diso. Botolo lililonse lisungeni pansi, pamthunzi, kutali ndi zenera ndi denga la malata, lembanipo tsiku limene mwatsegula, ndipo mulitaye nthawi yolembedwapo ikakwana ngakhale lisanathe.

Tulo ndi mdani wina amene kutentha kwathu kumamubweretsa. Munthu ukadya nsima masana a mu Novembala, mphasa ya pansi pa mtengo imakuitana, koma diso lotsinzina limalandira mpweya wochepa kale, ndipo bungwe loona za matenda la CDC la ku America limanena kuti kugona ndi malenzi kumachulukitsa mwayi wa matenda a diso ka 6 mpaka ka 8. Vulani ngakhale mukungofuna kupumula theka la ola, ndipo paulendo wautali wa paminibasi, pamene mukudziwa kuti muodzera, valani mukafika. Pakabaza valani magalasi a dzuwa otchinga m'mbali. Masiku amene akuwotcha nzimbe ku Nchalo phulusa likugwa pabwalo, pamene mukuphika pamafuwa, ndiponso pamene mukupopera thonje kapena kugwira mankhwala a ng'ombe, malenzi akhale m'bokosi. Fani yoomba kumaso imaumitsa lenzi msanga, choncho itembenuzeni. Mwana wa achimwene anga adavala ake maola 6, adajambulitsa, ndipo adavula gule wa madzulo asanautse fumbi pabwalo.

Kubwerekana malenzi, kumene anamwali operekeza mkwatibwi amachita ngati kubwerekana ndolo, kulekeni. Lenzi imanyamula chilichonse chimene chili m'diso la mwini wake, ndipo amene adaona m'mene matenda a maso ofiira a pink eye adafalikira m'dziko muno mu 2024, atayambira ku Karonga, akudziwa kuti safuna njira yaikulu. Diso likafiira, likamatuluka manthongo kapena mukadwala chimfine chachikulu, musavale, ndipo malenzi ndi kesi zimene mudagwiritsa ntchito matendawo akuyamba zitayidwe.

M'mawa uliwonse mutavala, dzifunseni ngati maso akuoneka bwino, akumva bwino ndiponso akuona bwino, diso lililonse palokha mutaphimba linzake. Ululu, kufiira, kuopa kuwala, misozi yosaleka, kuona mwachimbuuzi, kapena kadontho koyera pagawo lakuda la diso, zonsezi zikutanthauza kuvula nthawi yomweyo. Ngati patha ola limodzi kapena awiri mutavula ululu osatsika, kapena ngati kadontho koyerako kalipo, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa bakiteriya wotchedwa Pseudomonas, amene amakonda malenzi ndi makesi onyowa, angathe kuboola cornea m'masiku awiri kapena atatu okha. Musamange diso ndi nsalu, musathiremo madzi a masamba, mkaka wa m'mawere, shuga kapena madontho otsala a munthu wina, ndipo chenjerani makamaka ndi madontho okhala ndi steroid, monga dexamethasone, amene amachotsa kufiira tsiku loyamba uku akupatsa mpata tizilombo.

Yambirani pachipatala chapafupi, kaya ndi cha boma ku Chikwawa, Ngabu kapena Nsanje, cha Montfort ku Nchalo kapena cha Trinity ku Muona, ndipo akakutumizani ku chipatala cha maso cha Lions Sight First Eye Hospital ku Queens, ku Blantyre, musadikire malipiro a mwezi. Kuchokera pa boma la Chikwawa ndi makilomita pafupifupi 50, kuchokera ku Nsanje ndi pafupifupi 180, choncho ndalama ya ulendo umenewu muiike padera tsiku lomwe mukugula malenzi. Tengani malenziwo m'kesi yake osatsuka, botolo la solushoni ndi bokosi, chifukwa achipatala angafune kuziyeza kuti adziwe kachilombo kake. Mukakhala pampando, musanafotokoze china chilichonse, nenani kuti, "Adokotala, ndimavala ma contact lens," muwauze tsiku limene mudavala komaliza, ngati mudagona nawo, ndi madzi amene adawakhudza.